Madzi a Piyano ya Amayi

Tashkent, 8 Sepitembala 1996

Mwana wanga Latofat,

Landira moni. Wadzuka bwanji iwe ndi kanthu wanyamulako? A Ilhom ali bwanji? Kuno tilipo, mphesa zapsa, koma mawondo angawa ayamba mwano.

Kalata yako ndalandira. Zilembo zako n'zopendamabe ngati dzanja lako lamanzere pa piyano. Zaka makumi atatu ndakhala ndikulalata, palibe chasintha.

Ophunzira abwerera onse khumi ndi mmodzi. Wamng'ono ndi Sitora, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mapazi ake safika pansi, ndimamuikira mabuku. Wamkulu akadali Rahmatilla-aka, amene ankayendetsa basi aja. Chaka chachinayi chino akulimbanabe ndi nyimbo imodzi yomwe ija, imene ankaikonda malemu akazi awo. Dzulo ndinawauza kuti, "Achimwene, iyi ndi piyano, si huta ya basi." Iwo osachita manyazi akuti, "Saodat Azimovna, huta ija inkandimvera."

Vera, dokotala wa mano uja, anabwera ndi maluwa m'kapu ya madzi n'kuikhazika pamwamba pa piyano. Ndinamutsitsa nayo masitepe onse mpaka panja. Munthu wophunzira chonchija! Pamwamba pa piyano yanga sipakhala madzi, ngakhale tiyi wa nduna. Madzi malo ake ndi m'kati, pansi, kuseri kwa thabwa la kumapazi, mmene mumakhala botolo lathu lija. Iwe ukudziwa: akangotsegula mapaipi otenthetsa nyumba mu Novembala mpweya umauma gwa, ndipo thabwa lalikulu la kumbuyo likasowa chinyezi limang'aluka, piyano n'kusanduka kabati. Chaka chino ndidzagwada ndekha, poti wondigwadira anathawira ku Surgut.

Mkazi wa Davron, Gulsara, ndi mwana wabwino. Amasesa masitepe a nyumba yonse anthu asanadzuke, amandithirira tiyi dzanja lili pamtima. Koma kwawo ku minda ya thonje piyano anangoionera pa wailesi ya kanema. M'chipinda chophunzitsiramo salowa, fumbi ndimapukuta ndekha. Mchimwene wakoyo ukumudziwa, chithawireni chipinda chija ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Tsono tamvera. Dokotala akuti ndichepetse ntchito. Ndamuuza kuti ndisiya mu Epulo, mwana wanga akabwera ndi khanda kudzakhala pampando wanga. Anthu khumi ndi mmodziwa ndikusungira iwe, piyano ndikusungira iwe. China choti ndikusiyire ndilibe. Ntchito yako ndi kudya ndi kugona, usanyamule zolemera. Awiri aja anapita padera. Uyu tikufuna timuone nkhope.

Ndine mayi ako.

*

Surgut, 27 Sepitembala 1996

Amayi,

Moni. Ndakondwa kumva kuti mphamvu zothamangitsa anthu ndi maluwa awo mukadali nazo. Vera ndamumvera chisoni, masitepe amenewo inenso ndinawatsikapo.

Kuno chisanu chayamba kale. A Ilhom amakakhala kuthengo ku zitsime za mafuta milungu itatu, kubwera kunyumba mlungu umodzi. Ine ndimangokhala pawindo. M'nyumba yonse ino mulibe piyano, choncho ndimaimba pa tebulo la kukhitchini. Musaseke. Ndikagogoda ndi zala, mwanayu amandigunda m'kati. Amagunda mosalondola, ndiye mwina watengera Davron.

Za Epulo musade nkhawa, ndikuwerenga masiku. Ndikungoopa kuti zala zanga zauma, Sitora adzandiseka.

Chimodzi ndikupemphani: botolo lija musagwadire nokha. Nthawi ikakwana muitane Gulsara mumusonyeze. Kumulowetsa m'chipindamo kamodzi sikungakupheni.

Mundilembere msanga. Telefoni ya kwanuko ikungolira osayankhidwa, kapena yafanso?

Mwana wanu,
Latofat

*

Tashkent, 13 Okutobala 1996

Alamu a Ilhom,

Moni. Kalatayi ndatumiza dala ku adiresi ya kuntchito kwanu. Mukawerenga muiotche.

Amayi atisiya Lachinayi lapitali, masana, ali pakati pophunzitsa. Sitora akuti anangomuuza kuti "bwereza," n'kutsamira khoma. Mwanayo anabwereza nyimboyo kanayi asanadziwe kuti akuimbira maliro. Tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Akuluakulu a m'dera lathu akhala pansi ndi azakhali athu a Hamida, ndipo agwirizana kuti achemwali asamve mpaka atachira. Mwambo mukuudziwa, wapakati sauzidwa maliro, makamaka iwo amene zinawachitikira kawiri. Tiwauza kuti dzanja la Amayi latupa, ndiye akuwalembera ndi Gulsara. Telefoni taizula. Inu mudzawauze ndi pakamwa panu mwana akabadwa; nkhani yotere sipita pa pepala.

Piyano aiphimba nsalu pamodzi ndi magalasi onse. Azakhali akuti chaka chathunthu m'nyumba muno musamveke nyimbo, ndipo ophunzira awabweza. Sadaka ya masiku makumi anayi ikatha ine ndibwerera kumsewu ndi lole, azakhali atsala ndi Gulsara.

Ine piyano ija ndinkadana nayo, alamu. Lero nyumba ili zii, ndipo ndikulephera kukhalamo.

Davron

*

Tashkent, 27 Okutobala 1996

Mwana wanga wokondedwa Latofat, duwa la mtima wanga,

Moni wambiri kwa iwe ndi a Ilhom. Usadabwe ndi zilembozi. Dzanja langa lamanja latupa pang'ono, dokotala akuti ndisagwire cholembera, choncho akundilembera ndi Gulsara. Usade nkhawa, ndikudya bwino, ndikugona bwino.

Ophunzira onse akubwera ndipo akuimba bwino kwambiri. Rahmatilla-aka akuimba mokoma. Sitora wakula. Iwenso umaimba bwino kuposa onse, ndimakunyadira tsiku lililonse.

Uzivala zofunda. Uzidya nyama ndi zipatso zouma zimene takutumizirazi. Undiuze mmene mwana akukulira.

Mayi ako wokukonda
(wolemba ndi Gulsara)

*

Surgut, 10 Novembala 1996

Amayi,

Moni. "Duwa la mtima wanga"? Chatupa ndi dzanja lokha, kapena dokotala wakupatsani mankhwala ena? Chibadwire changa simunandiyamikirepo. Tsiku limene ndinapambana mayeso a kusukulu ya nyimbo munati, "Chala chachinayi chinagona." Lero mwandiyamikira kawiri pa tsamba limodzi. Ndipo Rahmatilla-aka akuimba mokoma? Ndaseka mpaka mwanayu wadzuka.

Gulsara mlamu wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwerenga. Zikomo pondisamalira mayi wanga, koma usamathire shuga m'mawu awo. Lemba monga atulukira, ngakhale akhale owawa. Ndinakulira zomwezo.

Zipatso zafika. Ndikudya kamodzikamodzi kuti zichedwe kutha.

Tsopano nkhani yaikulu. Mapaipi atsegula sabata ino kapena yamawa. Ndi dzanja lotupalo simungakwanitse nokha. Gulsara, Amayi akusonyeza pamene limakhala botolo la madzi la piyano. Ulidzaze, ndipo uzilionanso pakatha milungu iwiri iliyonse. Amayi, musachite makani. Mundilembere kuti ladzazidwa, ndigone tulo. Usiku ndi usana ndimaganiza za mpando uja.

Latofat

*

Tashkent, 24 Novembala 1996

Alamu a Ilhom,

Moni. Pepani kuti ndikulemberani ine mtengwa, amuna anga kulibe. Ndathedwa nzeru.

Achemwali akufunsa za botolo la madzi la piyano. Akuti Amayi andisonyeza pamene limakhala. Andisonyeza bwanji? Ndinafunsa a Davron asananyamuke. Akuti ankaona achemwali akulowa m'chipindamo ndi madzi, koma iwo akangomva piyano ankatulukira khomo lina. Azakhali akuti zimenezo n'zachizungu, madzi amaika pa maluwa. Ndasuzumira pansi pa nsalu, ndayang'ana kuseri, pawindo, m'kabati ya mabuku a nyimbo. Palibe. Achemwali sindingawafunse, chifukwa Amayi amoyo sangaiwale malo a botolo lawo.

Dzana kunabwera mkulu uja wa basi. Ine ndinali kukhitchini ndikukanda ufa, ndinangomva ali pakhomo ndi azakhali.

"Sindikufuna kuimba, mayi. Ndingotsegula pang'ono basi."

"Kutsegula piyano m'nyumba ya maliro? Ndevu zonsezo mulibe manyazi?"

"Mapaipi atentha kale, mayi, tamverani..."

"Akatenthe kwanu! Mwamuna wa mtsikanayu kulibe, anthu akakuonani muno aziti chiyani?"

Chitseko chinamenyedwa akulankhulabe. Ndinafuna kuwathamangira, koma azakhali anaima pakhomo, ndipo mtengwa wa miyezi isanu sadutsa azakhali.

Chonde alamu, ngati mukudziwa za botololi mundiyankhe msanga. Kapena muwafunse achemwali mochenjera, ngati nkhani yocheza. Mayi wanga ali moyo kumudzi, koma ndikulira ngati ndaferedwa kawiri.

Gulsara

*

Tashkent, 9 Disembala 1996

Latofat,

Moni. Zilembo zako n'zopendamabe. Shuga watha, monga unapempha.

Dzanja likadali lotupa. Kuno kwazizira, mapaipi akutentha mpaka milomo kusweka. Rahmatilla-aka akumenyabe piyano ngati huta.

Za botolo usavutike, tadzaza. Ndi lalikulu, la malita atatu. Lakhala pamwamba pa piyano, pafupi ndi chithunzi cha bambo ako, ndipo Gulsara amasintha madzi m'mawa uliwonse. Tsopano gona tulo.

Mayi ako
(wolemba ndi Gulsara)

*

Surgut, 23 Disembala 1996

Amayi,

Moni. Kalata yanu yafika, ndawerenga.

Kuno dzuwa limatuluka maola anayi okha. A Ilhom ali kuthengo. Mwanayu akukula, dokotala akuti zonse zili bwino. Ndikudya.

Muzindilembera pafupipafupi. Chilichonse, ngakhale za nyengo. Mundiuze zomwe mwaphika, zomwe wanena Sitora. Mundikalipire ndithu. Mlungu uliwonse ngati Gulsara sangatope.

Mwana wanu,
Latofat

*

Tashkent, 2 Malichi 1997

Achemwali a Latofat,

Moni. Lero ndikulemba m'dzina langa.

Telegalamu ya a Ilhom yafika kuti mwachira, mwana wamkazi, ndiponso kuti akuuzani za Amayi. Mulungu akulitse mwanayo, ndipo awapumitse Amayi pamalo ozizira. Makalata khumi ndi awiri ndakunamizani. Akuluakulu akuti silinali bodza, unali mwambo. Mwina. Koma pali nkhani ina imene aliyense akuopa kukuuzani, ndipo imeneyo ndi yanga.

Pa 21 Januwale masana ndinali kukhitchini. M'chipinda chophunzitsiramo munamveka phokoso ngati mfuti, kenako kulira kwautali kwa nsambo zonse pamodzi. Azakhali anayamba kupemphera. Ine ndinavala chovala cha mphepo osatsanzika, koyamba chilowereni m'banja lino, ndipo ndinafunsa nyumba ndi nyumba mpaka ndinawapeza Rahmatilla-aka kumalo omwera tiyi. Anangoti, "Yang'aluka eti?"

Anabwera ndi mmisiri wochuna piyano, nkhalamba inzawo. Azakhali sanatsekereze. Rahmatilla-aka anagwada, anakanikiza kachitsulo kena pansi pa makiyi a piyano, thabwa la kumapazi n'kutseguka ngati chitseko. Achemwali, miyezi yonseyi ndakhala ndikukolopa pamenepo. Botolo linali momwemo, louma, pansi pake poyera ngati ketulo yakale. Pambali pake pali kapepala ka masiku amene linkadzazidwa. Tsiku lomaliza ndi la Malichi chaka chatha, zilembo zanu.

Langa linali pamwamba, lodzaza ndendende, madzi a m'mawa womwewo.

Mmisiri anaunika ndi tochi nthawi yaitali. Akuti thabwa la kumbuyo lang'aluka kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo zitsulo zogwira nsambo zagwedera, sizingachunikenso. Anati, "Piyano iyi inapulumuka nkhondo ndi chivomerezi, mwana wanga, koma ludzu ayi." Anakana ngakhale tiyi.

Kenako Rahmatilla-aka anakhala pampando osapempha munthu, n'kuimba nyimbo ya akazi awo ija. Mawu ankatuluka ngati njuchi m'chitini. Anaimba mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Koyamba sindinalakwitse. Mukanamva, Saodat Azimovna." Azakhali anapita kukhitchini ndipo anakhalitsa kumeneko.

Yankho la a Ilhom linafika mu Febuluwale. Kalata yanga inakhalitsa ku ofesi, poti akachoka kuthengo ankangolunjika kunyumba. Akuti sakudziwa, mwina ndi botolo la maluwa.

Ophunzira asanu ndi mmodzi apita kwa aphunzitsi ena. Mayi a Sitora akuti mwanayo akana kuyandikira piyano iliyonse. Vera ndi ena awiri akufunsabe ngati mukubwera mu Epulo. Sindikudziwa chowayankha.

Amayi anakusungirani chinthu chimodzi, ine ndachipha ndi ukhondo wanga. Mukafuna kunditukwana nditukwaneni. Kukhala chete kokha ndiye musatero.

Gulsara

*

Surgut, 21 Malichi 1997

Gulsara mlamu wanga,

Moni. Mwana ali bwino, akuyamwa, tamutcha Saodat. Ndikulemba ali pamwendo, ndiye zilembo zapendama kuposa kale.

Sindikutukwana. Khala pansi uwerenge bwinobwino.

A Ilhom atabwera kuchipatala anakhala pamphepete pa bedi, anavula chipewa, anayamba kuzungulira nkhani monga amachitira akuluakulu. Ndinawasiya amalize. Ndinalira monga ankayembekezera. Koma misozi yeniyeni ndinaikhetsa kale mu Disembala, ndekha, pa tebulo la kukhitchini.

Unalemba kuti botolo lili pamwamba pa piyano. Mayi wanga anandimenyapo dzanja chifukwa cha kapu ya tiyi yopanda kanthu. Malita atatu a madzi pamwamba pa piyano yawo, iwo ali m'nyumba momwemo akupuma? Nditangowerenga mzere umenewo ndinadziwa. Ndinadziwa chifukwa chake telefoni inafa, chifukwa chake a Ilhom ankandiyang'ana ngati galasi losweka.

Ndinadziwanso kuti botolo lenileni lauma. Tsiku lomwelo ndinalemba: "Gulsara, gwada, kanikiza kachitsulo pansi pa makiyi, thira madzi m'botolo lili m'katimo." Mzere umodzi. Ukanafika chaka chisanathe, piyano ikanakhalapo lero. Ndinaulemba katatu, ndinaung'amba katatu. Munthu sauza mayi ake pamene limakhala botolo lawo. Ndikanatumiza, nonse mukanadziwa kuti ndadziwa, ndipo makalata akanasiya kubwera.

Ndinasankha makalata. Lachisanu lililonse ndinkatsika kukayang'ana m'bokosi, ndipo pansi pa tsamba pankalembedwa kuti "Mayi ako." Ndinkadziwa kuti ndi mtsikana wa ku minda ya thonje amene wagwira cholembera, koma ndinkawerengabe kawiri. Ndinkadziuza kuti thabwa lipirira mpaka Febuluwale. Amayi akanandiuza kuti thabwa silimva zodziuza.

Choncho usadzitengere mlandu wonse. Iwe sunkadziwa malo ake. Ine ndinkadziwa.

Mu Epulo ndikubwera ndithu. Uwauze Vera ndi anzakewo, uwauzenso Rahmatilla-aka. Chimene ndidzaphunzitsirepo sindikudziwa. Piyanoyo musaigulitse, musaitulutse. Chotsapo botolo lakolo pamwamba, upukute pamene linakhala.

Ndikupempha kanthu kamodzi, ndipo usauze azakhali. Amayi sananenepo kanthu za mdzukulu wawo. Ndajambula dzanja lake pa pepala lili m'katimu, ndazungulira ndi pensulo akugona. Uwasonyeze Amayiwo, andiyankhe. Kalata imodzi yokha, yomaliza.

Usathire shuga. Anene kuti zala zake n'zazifupi.

Latofat